Maphunziro a Mtsogolo: Dokotala Wopanda Jekeseni

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, ana ambiri okhoza bwino amathamangira khomo limodzi: onse amafuna udokotala. Amene sadasankhidwe amabwerera kwao nkhope zili zakugwa, poganiza kuti njira yotumikira odwala yatsekeka. Maganizo otereŵa ngolakwika, pakuti m'mayunivesite ambiri muli maphunziro ena amene amalumikiza zachipatala, masamu ndi makompyuta, ndipo wowaphunzira amapulumutsa miyoyo osagwirako jekeseni.

Nzeru imeneyi njakale. M'chaka cha 1854, kolera idapha anthu oposa 600 m'dera la Soho mumzinda wa London. Dokotala wina, John Snow, adaŵerenga maliro nyumba ndi nyumba, napeza kuti ambiri mwa omwalirawo ankamwa madzi a pamjigo wa mumseu wa Broad Street. Akuluakulu a deralo atamva izi, adachotsa mkono wa mjigowo. Chida cha Snow sichidali mankhwala ai, koma kuŵerengera mosamala.

Lero kuŵerengera kotere kumachitika pakompyuta, koma kompyuta payokha ilibe nzeru. Nchifukwa chake wophunzira wa ntchito imeneyi amasenza mitolo inayi. Amaphunzira za thupi la munthu ndi mayendedwe a matenda; masamu omasulira ziŵerengero; kalembedwe ka mapulogalamu a kompyuta; ndiponso malamulo osunga chinsinsi cha wodwala. Wodziŵa masamu okha angathe kuŵerenga manambala osazindikira kuti malungo amachuluka nyengo ya dzinja. Wodziŵa matenda okha angathe kuona odwala makumi asanu patsiku, osadziŵa kuti mliri wayamba kale m'boma lonse.

Zimenezi si za kunja kokha. Mu 2001, pachipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, Gerry Douglas adayambitsa ntchito ya Baobab, yolemba odwala pamakompyuta ongokhudza ndi chala, ndipo pambuyo pake njirayo idafalikira kuzipatala zopereka mankhwala a ma ARV. Malipoti a mwezi ndi mwezi ochokera m'zipatala za m'maboma amasonkhanitsidwa m'pulogalamu ya DHIS2, imene akatswiri a ku yunivesite ya Oslo ku Norway amaiyang'anira. Ziŵerengerozo zimachokera m'midzi ya muno, kwa alangizi a zaumoyo oyenda panjinga. Kodi nkoyenera kuti ozimasulira azichokera kutali nthaŵi zonse?

Ena amati chipatala chosoŵa mankhwala ndi magetsi sichifuna kompyuta. Mau ameneŵa ali ndi mbali yoona, popeza wodwala sachira ndi lipoti. Komabe pamene zinthu zili zochepa mpamene kuŵerengera kumafunika koposa. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 udapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi muno. Pa nthaŵi yotere, funso lakuti madiripi ndi kolorini zipite kuboma liti choyamba ndi funso la moyo kapena imfa, ndipo silingayankhidwe mongoganizira. Lipoti lochedwa sabata imodzi, kapena lolembedwa mosasamala, lingathe kutumiza galimoto kumene kulibe odwala.

Udindo woyamba uli m'manja mwa aphunzitsi a kusekondale, pakuti mmera mpoyamba. Mtsikana wokonda bayoloje asamauzidwe kuti masamu ndi a anyamata, ndipo mnyamata wokonda masamu asamaone bayoloje ngati yongoloŵeza pamtima. Mayunivesite nawonso, makamaka ya zaumoyo ya Kamuzu imene idayamba kugwira ntchito mu 2021, ali ndi udindo wofika m'sukulu ndi kufotokozera ana za maphunziro otereŵa.

Wotsiriza sukulu amene adaphonya malo a udokotala asataye mtima. Chipatala chili ndi makomo ambiri, ndipo wodwala wa kumudzi amene mankhwala adamupeza pa nthaŵi yake, sadzafunsa ngati womupulumutsayo adagwira jekeseni kapena ankaŵerenga manambala.