Chilolezo chomangira pa mchenga woyenda

Tauni ya Soulac-sur-Mer ili kumadzulo kwa dziko la France, pafupi ndi pomwe mtsinje wa Gironde umathira m'nyanja yamchere ya Atlantic. M'chaka cha 1967 kumeneko kudamangidwa nyumba yaitali yosanjikizana yotchedwa Le Signal, ya mafulati 78. Mapepala ake onse adali m'malo. Chilolezo chidalipo, ndipo boma la nthawiyo linkalimbikitsa zomangamanga m'mbali mwa nyanjayo pofuna kukopa alendo. Madzi adali pa mtunda wa mamita pafupifupi 200. Pofika Januwale 2014 padatsala mamita osakwana 20 pakati pa khoma ndi phompho la mchenga, ndipo akuluakulu a boma adalamula kuti aliyense atulukemo. Nyumbayo idagwetsedwa mu Febuluwale 2023.

Tikawerengera, nyanja inkadya mamita anayi kapena kuyandikira apo chaka chilichonse. Komabe simadya mofanana. Pamatha zaka gombe lili phee, anthu n'kuiwala, kenako nyengo imodzi ya anamondwe n'kuchotsa zomwe zikadatenga zaka zisanu. M'nyengo yozizira ya 2013 mpaka 2014, malo ambiri a gombeli adabwerera m'mbuyo ndi mamita oposa 20.

Munthu woona chitunda cha mchenga amayesa ndi mtunda ngati mtunda wina uliwonse, makamaka pakamera udzu ndi mitengo. Koma chitundacho chili ngati nkhokwe ya gombe. M'nyengo ya bata mafunde amatula mchenga, mphepo n'kuukweza kumtunda, udzu n'kuugwira. Namondwe akabwera, nyanja imadzatapa mchenga womwewo, kuuyala pansi pa madzi pomwe umafooketsa mafunde, ndipo pambuyo pake wina umabwerera. Mukamangapo nyumba, msewu kapena khoma la miyala, kusinthana kumeneku kumaima. Khomalo limateteza zomwe zili kumbuyo kwake, koma kawirikawiri mchenga wa kutsogolo kwake umatha, ndipo mnansi wa kumapeto kwa khomalo ndiye amakokoloka msanga.

Anthu a ku Soulac sakadanena kuti khalidwe la mchenga ndi lachilendo kwa iwo. Pakatikati pa tauni yawo pali tchalitchi chakale, Notre-Dame-de-la-Fin-des-Terres, chomwe mchenga udachikwirira m'zaka za m'ma 1700 mpaka anthu adachisiya, ndipo chidafukulidwa cha m'ma 1860. Nkhalango ya paini yomwe yakuta dera lonselo idabzalidwa ndi anthu, mwa zina pofuna kuimitsa mchenga womwe unkameza midzi. Chakummwera, chitunda cha Pilat, chotalika mamita oposa 100, chikulowabe m'nkhalango mamita angapo pa chaka. Mbiri idalipo, yoonekera poyera. Idangosowa njira yofikira pa tebulo la munthu wodinda chilolezo.

Apa ndi pomwe pali kusiyana kwa mapepala awiri: chilolezo ndi mapu a akatswiri. Chilolezo chimayang'ana za tsiku lomwe chasainidwa: puloti ndi ya ndani, nyumba italika bwanji, madzi oipa apita kuti, msewu uli mbali iti. Mapu a akatswiri a miyala ndi nthaka amafunsa zina. Pansi pa mchengawu pali thanthwe, dongo kapena mchenga wokhawokha? Madzi a pansi ali pafupi bwanji? Gombe lidali pati pa zithunzi zojambulidwa ndi ndege zaka 60 zapitazo, nanga lero lili pati? Ku France ntchito yotere imagwiridwa ndi bungwe la boma la BRGM, lomwe limayeza gombe la dera limeneli mothandizana ndi a zankhalango. Lipoti lawo la 2016 lidaonetsa kuti gombe la mchenga la chigawo cha Gironde likubwerera m'mbuyo pafupifupi mamita 2.5 pa chaka. Nyumba ya simenti imamangidwa kuti ikhale zaka 50 kapena 100. Kuchulukitsa manambala awiriwa sikufuna ukatswiri.

Lamulo loteteza magombe lidabwera mu 1986, loletsa kumanga mkati mwa mamita 100 kuchokera kunyanja m'malo omwe sadamangidwe kale. Lidathandiza ndithu. Koma Le Signal idaima kawiri mtunda umenewo, ndipo sidapulumuke. Muyeso wa mamita umaganiza kuti poyambira kuyeza sipasuntha.

Gawo lomwe limandivutitsa maganizo kwambiri ndi la chipukuta misozi. Ambiri mwa eni mafulatiwo sadali anthu olemera, ndipo ena adapitiriza kubweza ngongole ya nyumba yomwe sankaloledwanso kulowamo. France ili ndi thumba la ndalama lotchedwa Fonds Barnier, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1995 kuti boma lizigula nyumba zomwe zili pangozi zachilengedwe. Eni Le Signal adakanizidwa. Kukokoloka kwa zitunda za mchenga sikudali pa mndandanda wa ngozi zomwe thumbalo limalipira, ndipo mu Epulo 2018 khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo lidati kusiyanitsa kotereku n'kololedwa. Mfundo yomwe imaperekedwa ndi yoti kukokoloka kotere kumabwera pang'onopang'ono ndipo kumadziwikiratu. Koma ngati kunkadziwikiratu, adayenera kudziwiratu ndani: munthu wogula kachipinda koti azipumulamo atakalamba, kapena ofesi yomwe idavomereza pulani? Pomaliza Nyumba ya Malamulo idachita kupatula ndalama zapadera, mayuro 7 miliyoni, ndipo eni ake adalandira pafupifupi 70 peresenti ya mtengo wa nyumba zawo atadikira zaka zisanu ndi ziwiri.

Maboma amakonda kunena kuti chilolezo si chitsimikizo choti malo ndi abwino. Pamalamulo n'kutheka akulondola. Koma wogula akaona chidindo amakhulupirira kuti alipo wina wodziwa bwino yemwe adayang'ana. Banki nayo imakongoza poona chidindo chomwecho. Ngakhale kwathu kuno, nyanja ya Malawi itakwera mu 2024 n'kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima, funso la yemwe adalola kumanga pafupi chotero lidamveka.

Mu Ogasiti 2021 France idakhazikitsa lamulo latsopano lomwe lidalowetsa zaka m'mapu. Makhonsolo omwe ali pa mndandanda wa boma ayenera kujambula mizere iwiri: pomwe nyanja ikuyembekezeka kufika m'zaka 30, ndi pomwe ingafike m'zaka 100. Mkati mwa mzere woyamba nyumba zatsopano zokhalitsa siziloledwa. Pakati pa mizere iwiriyo munthu atha kumanga, koma asungitse ndalama zodzagwetsera nyumbayo nthawi yake ikakwana. Ndimaona kuti iyi ndi njira yoona mtima, chifukwa womangayo amauzidwa pachiyambi kuti wabwereka malowo kwa nthawi yowerengeka.

Chovuta n'choti mzere wa pa mapu umagwetsa mtengo wa malo tsiku lomwelo, ndipo eni malowo ndi anthu omwe amavotera meya. Meyayo ndi amenenso amasaina zilolezo. Boma lidamvera kaye maganizo a makhonsolo lisadawalembe, ndipo mndandanda woyamba, wa mu Epulo 2022, udali ndi makhonsolo 126 okha m'dziko lomwe lili ndi makhonsolo a m'mbali mwa nyanja pafupifupi chikwi. Malinga ngati kujambula mzerewo kukudalira kufuna kwa ofesi yomwe ikuopa zotsatira zake, zilolezo zipitiriza kutuluka mapu asadafike.