Sofa yosavula nsalu si ya kuno kwa fumbi

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo, pamsewu wa ku Mchinji pamayamba kuoneka ngolo ndi timalole titasenza masofa onenepa, kuchoka pa Mpingu kapena pa Namitete kulowera kumidzi. Ambiri mwa masofawa amakutidwa ndi nsalu yaubweya yonyezimira, ena ndi chikopa chapulasitiki, ndipo mmisiri amaikhomerera ndi timisomali kuti isadzachokenso. Apa ndiye pagona vuto. Kuno mphepo ya mu Okutobala imalowetsa fumbi lakatondo m'nyumba ngakhale mutatseka mawindo, ndipo nsalu yomwe simungaivule simungaichape. Posakhalitsa potsamira mutu pamada bii ndi mafuta, chikopa chija chimafundula ngati njoka, siponji n'kuyamba kusuzumira. M'kati mwa sofa, momwe tsache silifika, makoswe ndi nsikidzi zimamanga mudzi.

Chonsecho njira yabwino tinali nayo kale. M'nyumba za aphunzitsi, za boma ndi za kumishoni munkakhala mpando wathabwa wa mikono, wokhala ndi makushoni awiri, wina wokhalira wina wotsamira, onse ovala nsalu yochotseka. Mipando yotere inatchuka ku Ulaya m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, nthawi yomwe akatswiri ngati Lucienne Day wa ku Britain, mwini nsalu ya Calyx ya mu 1951, ankazoloweretsa anthu nsalu za m'nyumba zamawangamawanga. Mawangawo sikuti amangokometsa pabalaza ayi. Amabisa dontho la tiyi ndi zala za mwana amene wangodya kumene mango, pomwe nsalu yamtundu umodzi imaulula chilichonse.

Ena anena kuti mpando wotero ndi wachikale, alendo akabwera aziti pakhomo pano ndalama za fodya zinangodutsa. Koma mlendo yemweyo aganiza chiyani akakhala pa sofa yofunditsidwa bulangete kuti mabala ake asaoneke? Ena ali ndi mfundo yomveka kuposa imeneyi: amati nsalu zamawanga zomwe zimapezeka msanga kwathu kuno ndi zitenje, ndipo chitenje n'chopyapyala, anachipangira kuvala osati kukhalira. Zimenezo n'zoona. Komatu telala wa pa Nsaru akachisokera pamodzi ndi nsalu yokhuthala m'kati n'kuika zipi kumbuyo, chimapirira ndithu. Chikatha mumangonyamula makushoni panjinga, pomwe sofa ikang'ambika mpaka mubwereke ngolo kuti ikafike kwa mmisiri. Kumbukiraninso kuti nsalu zambiri za masofa zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya katundu wakunja inakwera. Zitenje zambiri nazonso n'zakunja, inde, koma zina zimadindidwa konkuno: fakitale ya David Whitehead inayamba ntchito ku Blantyre mu 1967, ndipo lero ili m'manja mwa a Mapeto.

Amisiri amapanga chomwe chimayenda malonda, sitingawadzudzule. Koma munthu sangagule chomwe sanachione. Anyamata ndi atsikana omwe akuphunzira ukalipentala ku Namitete Technical College awonetsedwe kapangidwe ka mpando umenewu, ndipo inu akalipentala a pa Kabudula, Nambuma ndi Nsaru, gwirizanani ndi telala woyandikana nanu. Fodya akamayamba kugulidwa chaka chino, ikaniko mpando umodzi wa makushoni panja pa shopu, pambali pa masofa aja.