Ya manual kapena ya automatic? Tipatseni zonse, tisankha tokha

Loweruka lina mu December, nthawi imene anyamata a ku Joni amakhala atabwera kudzadya Khrisimasi, pa Chintheche panaima kagalimoto kachikasu. Suzuki Swift Sport, yongofika kumene kuchokera ku Dar es Salaam. Mwini wake, mnyamata wogwira ntchito pa loji ina ku Kande, anatuluka akumwetulira ngati wawina mavoti. Anyamata a kabaza anaunjikana nthawi yomweyo. Wina akugogoda tayala, wina wawerama kuona ma ekizozi awiri kumbuyo. Kenako mmodzi anasuzumira pawindo n'kuona zilembo P, R, N, D pamene amayembekezera manambala a giya.

"Aaa, ada! Ndalama zonsezi mwagula ya automatic? Iyi ndiye ya madona."

Anthu onse kufa nacho chiseko. Nanenso ndinaseka, sindinama. Koma nditafika kunyumba ndinadzifunsa kuti tinkaseka chiyani kwenikweni. Pagulu lonse lija, amene anali ndi galimoto anali yekhayo amene tinkamusekayo.

Mkangano uwu si wa pa Chintheche pokha. Okonda magalimoto kulikonse, lowani pa TikTok kapena YouTube muone, akulimbana pa funso limodzi: kodi magalimoto othamanga otsika mtengo azipangidwa a manual okhaokha, kapena pazikhalanso a automatic? Apa sitikunena Ferrari ayi. Tikunena timagalimoto timene munthu wolandira malipiro angathe kulota: Toyota 86, Subaru BRZ, Mazda MX-5, Swift Sport, Honda Fit RS, Vitz RS, Polo GTI, ndi Altezza ija inavuta m'misewu yathu zaka zapitazo. Ine ndikuti pakhale zonse ziwiri. Ndipo ife a kuno tili ndi chifukwa chachikulu chonenera zimenezi kuposa mzungu amene amakagula yatsopano m'shopu.

Ndiyambe ndi kuwapatsa ulemu wawo a manual, chifukwa zina akunena n'zoona. Amene anakwerapo kuchokera pa Mpamba kulowera ku Mzuzu, kutsitsa giya kuchoka pa 4 kupita pa 3 khota lisanafike, injini n'kuyankha pomwepo, akudziwa kukoma kwake. Dzanja lamanzere pa giya, phazi pa kilatchi, khutu pa injini, thupi lonse likugwira ntchito. Abale athu amene akhala ku Johannesburg amatiuzanso za Gusheshe, BMW 325i ija amaizunguza mpaka matayala kufuka utsi. Masewera amenewo ndi a kilatchi, palibe wotsutsa.

Palinso nkhani ya umphawi wathu, imene kwa ine ndi yolemera kuposa kukomako. Batire ikafa pa Kande usiku, ya manual mumaitana anyamata anayi, kukankha, giya 2, kusiya kilatchi, yalira. Ya automatic ngakhale mutaitana mudzi wonse siingalire ndi chikankho, mudikira wina abwere ndi mawaya kapena batire ina. Kilatchi ikatha, makaniko wa pansi pa mtengo wa mango amatsitsa giyabokosi m'mawa, madzulo mwanyamuka. Izi ndi zinthu zenizeni kwa munthu amene galaja yokhala ndi makina oyezera ili ku Mzuzu, makilomita ngati 80 kuchokera pakhomo pake.

Ndiye n'chifukwa chiyani ndikuumirira kuti automatic ikhalepo?

Chifukwa ife sitigula magalimoto atsopano. Timadya makombo a ku Japan. Galimoto imene mnyamata wa ku Osaka wagula lero ndi imene idzafike pa doko la Dar es Salaam zaka 8 kapena 10 zikubwerazi, n'kulowa pa Songwe, kudutsa Karonga, kukwera Chiweta, kutsikira kuno kunyanja. Ngati iye sanaigule, ife sitidzaiona. Tsono ku Japan magalimoto atsopano oposa 9 mwa 10 alionse ndi a automatic. Kuyambira 1991 kumeneko kuli laisensi ya automatic yokha, ndipo achinyamata ambiri amatenga imeneyo. Munthu wa laisensi yotere, lamulo silimulola kuyendetsa ya manual ngakhale ataikonda bwanji. Kampani ikapanga galimoto yothamanga ya manual yokha, yatsekera kunja ogula onsewo. Zimagulidwa zochepa, zimatsala zochepa pamsika wa zakale, mtengo wake n'kukhala wakupha.

Taonani Honda S2000, yomwe inapangidwa kuyambira 1999 mpaka 2009, manual yokhayokha. Kapena Civic Type R, yomwe mpaka lero ilibe automatic. Mwakumanapo nazo zingati pa M5? Fufuzani pafoni yanuyo mtengo wake pa masamba ogulitsa magalimoto a ku Japan, muonjezere msonkho wa MRA, umene umakwera malinga ndi zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, mukumbukirenso kuti kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023. Muzimitsa data nokha.

Kenako yerekezani ndi Swift Sport. Ku Japan, ya 2005 inali ndi manual ndi automatic, ya 2011 manual ndi CVT, ya 2017 manual ndi automatic ya magiya 6. Toyota 86 ndi Subaru BRZ zitatuluka mu 2012 zinabwera ndi zonse ziwiri, magiya 6 uku, magiya 6 uko. Fit RS ndi Vitz RS chimodzimodzi. N'chifukwa chake timagalimoto timeneti timafika kuno pamtengo woti mphunzitsi kapena namwino atadzimana zaka zingapo angathe kufikira.

Ndipo apa mpamene a manual sapaona. Ya automatic ija akuinyoza ndi imene imawasungira galimoto yawo pamsewu. Injini ndi imodzi, mashokapu amodzi, magetsi, mabampa, magalasi, zonse zofanana. Zikachuluka za automatic, ogulitsa masipeya ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amaona chifukwa choitanitsa katundu wake. Zikakhala zitatu dziko lonse, nyali yakutsogolo ikasweka mudikira miyezi iwiri, ndalama yakunja ikusowa chonchi. Iwe wa manual, mnzako wa automatic ndiye nkhokwe yako ya masipeya, ukamuseka uziseka pang'ono.

Ena ati mapanga awiri avumbwitsa, kampani ikayamba kupanga zonse ziwiri mapeto ake manual imafa. Mantha amenewa ali ndi maziko. Volkswagen inasiya kupanga Golf GTI ya manual mu 2024, ndipo Polo GTI yatsopano imene amapanga ku Kariega ku South Africa, anyamata athu a ku Joni amaipeza ndi DSG. Koma zimachitikanso mbali inayo. Toyota Supra itabwereranso mu 2019 inali ya automatic yokha, anthu anadandaula, mu 2022 Toyota inaonjezera ya manual. GR Yaris ya turbo inayamba mu 2020 ili manual yokha, mu 2024 anaonjezera automatic ya magiya 8, manual osaichotsa. Chimene chimapha manual ndi anthu kusiya kuigula yatsopano. Ambiri amene amakuwa pa intaneti kuti manual isathe sanaguleko yatsopano ngakhale imodzi. Ife a kuno ndiye n'komwe, mawu athu safika n'komwe ku fakitale.

Tibwere ku mawu aja akuti "ya madona". Ndimadana nawo, ngakhale ndinaseka. Choyamba, alipo azimayi amene amayendetsa Land Cruiser ya manual m'misewu yoti amuna ambiri angagwire mutu, pitani mukaone njira yotsikira ku Usisya nthawi ya mvula. Chachiwiri, taganizirani mnyamata amene anachita ngozi ya njinga yamoto, mwendo wamanzere sugwiranso bwino. Kapena amene dzanja lamanzere ndi lolumala, pomwe magalimoto athu chiwongolero chili kumanja ndipo giya imasinthidwa ndi lamanzere. Ameneyu asamve nawo kukoma kwa galimoto yomvera pakhota chifukwa choti ena mwaganiza kuti umuna uli pa kilatchi? Ndipo amene anatengera laisensi ku South Africa pa galimoto ya automatic, laisensi yake imalembedwa kuti ndi ya automatic yokha. Nayenso ndi wathu, amabwera December aliyense.

Komanso tisanamizane, nthawi yambiri galimoto siikhala pamakhota a Mpamba. Imakhala pamzere wa mafuta. Amene anaimapo pa filing'i siteshoni maola asanu, kusuntha mita imodzi, kuima, kusunthanso, akudziwa mmene bondo lamanzere limalirira.

Zoti automatic ndi yaulesi pothamanga zinali zoona kale, nthawi ya magiya 4 aja ankaganiza kaye asanasinthe. Za masiku ano, makamaka DSG ndi za magiya 8, zimasintha msanga kuposa dzanja la munthu aliyense. Magalimoto a Formula 1 anasiya kalekale ndodo ya giya, amasintha ndi timabatani takuseri kwa chiwongolero. Palibe amene anamutchulapo Lewis Hamilton kuti ndi waulesi.

Koma pano ndiye mumvetsere, chifukwa mpamene ambiri akugwera m'dzenje. Mawu akuti automatic abisa nyama zitatu zosiyana, ndipo pa Chintheche kusiyana kwake ndi ndalama zambiri.

Yoyamba ndi yachikale, imene mphamvu ya injini imadutsa m'mafuta kupita ku magiya. Ndi imene ili mu Altezza, Mark X ndi 86. Ndi yopirira, ukamaisinthira mafuta pa nthawi yake imakhalitsa, ndipo amakaniko athu ambiri anaizolowera. Yachiwiri ndi CVT. Iyi ilibe magiya enieni, ili ndi lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri amene amakula ndi kuchepa. Imasunga mafuta, ndi imene ili m'ma Sienta ambiri onyamula anthu pakati pa Chintheche ndi Nkhata Bay. Koma imafuna mafuta akeake, ndipo siikonda kuzunzidwa: kunyamuka mwaukali, katundu wopyola muyezo, kupalasa mumchenga. Yachitatu ndi DSG, imene kwenikweni ndi manual ya makilatchi awiri koma osintha ndi kompyuta. Ndi yachangu zedi, koma ikadwala mankhwala ake sapezeka pansi pa mtengo wa mango.

Msuweni wanga anaphunzira izi ndi misozi. Galimoto yake ya CVT itayamba kunjenjemera ponyamuka, anapita pa galaja ina, anamuthirira mafuta ofiira a automatic wamba. "Onse ndi amodzi awa, bwana." Patatha milungu ingapo galimoto inkangolira osasuntha. Poibweza anaikoka ndi chingwe matayala onse ali pansi, mtunda wautali, chinthu chinanso chimene automatic siifuna. Inakhala pamiyala kuseri kwa nyumba kuyambira nthawi yokolola mpaka mvula yoyamba, nkhuku zikuikira mazira pansi pake, podikira giyabokosi ina.

Ndiye ndikamati makampani atipatse automatic, ndikupempha yolimba, yokhala ndi njira yoti woyendetsa athe kusankha giya yekha akafuna. Ndipo ife ogula tisamangoona chithunzi ndi mtengo. Musanatumize ndalama, funsani kuti ndi AT, CVT kapena DSG. Funsaninso makaniko wanu ngati anaitsegulapo yotere. Akayamba kukanda mutu, mwamva yankho. Ngati mumakhala kutali ndi tauni, njira yakwanu ndi yamchenga, ndipo m'thumba mulibe ndalama yapadera ya tsiku latsoka, tengani ya manual, ndipo palibe amene angakunyozeni.

Pali chinanso chimene masukulu oyendetsa galimoto akuyenera kuchiphunzitsa mwamphamvu, popeza ma automatic adzaza kale misewu yathu, tifune tisafune. Anthu ambiri amaika pa D kuchokera ku Mzuzu mpaka kunyanja, phazi lili pa buleki matsitso onse. Mabuleki amatentha, amayamba kununkha, kenako amafewa pomwe ukuwafunitsitsa. Zilembo zija L, 2, S kapena B sanaziike kuti zikongoletse. Ndi zotsikira phiri, injini izithandiza kugwira galimoto ngati mmene wa manual amachitira ndi giya 2 kapena 3. Pa Chiweta, kusadziwa zimenezi kutha kukhala maliro.

Nanga kuthamangako? M5 si bwalo la mpikisano. Kuchokera pa Kande kudutsa Chintheche mpaka m'mitengo ya labala ya Vizara, msewu ndi wopapatiza, m'mbali mwake modyeka, ndipo muli ana a sukulu, mbuzi, njinga zonyamula usipa, amayi osenza chinangwa cha kondowole. Kukoma kwa kagalimoto ngati Swift Sport kapena 86 kuli pa kupepuka kwake, kumvera pakhota ndi mabuleki ogwira, zinthu zimene umazimva ngakhale pa 70. Wofuna kuona 180 pa sipidomita, giya iliyonse imene ali nayo, akaone kwina.

Za mnyamata wa Swift uja, anthu atatha kuseka, yemwe anayambitsa chipongwe uja anamuzungulira n'kumukokera pambali.

"Ada, ndiyeseko pang'ono, kungofika pa mlatho wa Luweya n'kubwerera."

Mwini galimoto anaponya makiyi m'mwamba n'kuwawakha.

"Palibe vuto. Laisensi ili kuti?"

Mkulu uja anayamba kusisita m'matumba, kenako anati foni yake ikulira.