Foni ya M'manja Isakhale Mpanda Pakati Pathu

Abale ndi alongo a m'nthambi ino, nkhani yathu mwezi uno ndi ya kanthu kakang'ono kolowa m'thumba la malaya, koma kamene kayamba kulekanitsa anthu koposa mtsinje wodzala. Tikunena foni ya m'manja pamodzi ndi intaneti.

Kale mlimi wofuna feteleza wotsika mtengo anali kulembetsa dzina kwa a Mfumu nalandira kuponi ya pepala. M'chaka cha 2020, pamene Boma linayamba ndondomeko ya AIP, tinaona zatsopano: mlimi kupereka chitupa cha unzika, wogulitsa kuchiunika ndi foni, ndipo netiweki ikakana, anthu kuswera pa depoti mvula ili kupita. Ndalama zochokera kwa ana athu a ku Joni nazo masiku ano zifikira pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Nanga mayi wachikulire wosadziwa kuwerenga atani? Apereka foni yake kwa munthu wina, namuuza ndi nambala yachinsinsi yomwe, ndipo zimene alandira m'manja sadziwa ngati ndi zonse. Enanso alandira uthenga wa mbava wakuti "tumizani pa nambala iyi", natumiza ndalama ya mbewu. Tikumbukenso kuti kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja 11 okha pa 100 alionse ndiwo aunikira ndi magetsi, chotero ngakhale kutchaja foni kumene kufuna ulendo ndi ndalama.

Tsono pali anzathu ena amene mpanda uwu wawatalikira koposa ife. Ku Dzaleka, m'boma la Dowa, malo amene kale anali ndende ya andale anasanduka msasa wa othawa nkhondo mu 1994. Anakonzedwera anthu osapitirira 12,000, koma pofika 2023 munali anthu oposa 50,000, ambiri a ku Congo, Burundi ndi Rwanda. M'mwezi wa May chaka chomwecho apolisi ndi asilikali anagwira amene anali kukhala m'matauni nawabweza ku msasa. Munthu wosaloledwa kutuluka kukafuna ntchito, khomo limene lamtsalira ndi foni: ndiyo kalata yake kwa mbale wotayika, ndiyonso sukulu yake.

Taonani zimene iwo achita. Mu 2010 Ajezwiti anayamba kumeneko maphunziro apamwamba odzera pa intaneti, ophunzira ali ku Dowa, aphunzitsi ali ku America. Pambuyo pake mnyamata wa ku Burundi, Remy Gakwaya, anatsegula mu msasa momwemo sukulu yotchedwa TakenoLAB, yophunzitsa anzake kulemba mapulogalamu a kompyuta. Sanadikire kuti zonse zikwane. Makolo athu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ife tinena mosabisa kuti amene amayankhula za othawa nkhondo ngati mtolo chabe sanaone bwino. Akuluakulu pakati pathu akumbukira kuti m'zaka za m'ma 1980 dziko lino linasunga abale a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo sitinathe nazo.

Ena pa msonkhano wathu wapita anati, "Iyi ndi ntchito ya Boma." Inde, n'zoona. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la ndalama, loyang'aniridwa ndi MACRA, lofikitsira mafoni ndi intaneti kumidzi, ndipo nthambi ino ilembera phungu wathu kufunsa kuti dera lino lili pati pa ndandanda. Koma nsanja ya netiweki, ngakhale itaimikidwa mawa kuseri kwa sukulu, siingaphunzitse agogo kusunga nambala yawo yachinsinsi. Chimenecho chifuna munthu wodekha wokhala naye pa mphasa. Ife aphunzitsi tidziwa kuti wachikulire aphunzira msanga ngati sakuchititsidwa manyazi, ndipo anyamata ndi atsikana otsiriza Fomu 4, amene tiwadzudzula kuti angokhalira kudinadina mafoni pa golosale, ndiwo ali ndi nzeru imene makolo awo akuisowa.

Mwa ichi komiti yagwirizana kuti Loweruka lililonse, kuyambira 2 koloko masana, chipinda chimodzi cha sukulu chikhale chotsegula. Wachinyamata mmodzi akhale ndi achikulire osapitirira atatu. Phunziro loyamba ndi kuona ndalama zotsala m'foni ndi kuzindikira uthenga wa mbava. Za intaneti zidza pambuyo. Wophunzitsa asafunse nambala yachinsinsi ya munthu, ngakhale atakhala agogo ake omubala. Amene alibe foni abwere ndithu, aphunzirira pa ya mnzake, ndipo pakhomo sitidzafunsa khadi ya umembala kapena dziko limene munthu anachokera.

Chopereka chogulira sola yotchajira mafoni chilandiridwa ndi Msungichuma, ndipo aliyense wopereka aumirire kulandira lisiti. Tipempha Mafumu athu kuti alengeze zimenezi m'midzi yawo sabata lino.

Mlembi wa Nthambi