Kalata ya Kuchipatala ndi Chinsinsi cha Wodwala

Mwa mavuto onse amene tidzakumana nawo pa ntchito ya uphunzitsi, la matenda silidzatiphonya. Mwana akatentha thupi usiku, kapena mayi wathu akagonekedwa m'chipatala cha boma pa Mchinji, mwambo wathu ufuna kuti mbale akhale pambali pa wodwala, kumphikira ndi kumchapira. Tikabwerera kusukulu, a mphunzitsi wamkulu amatifunsa umboni. Funso lathu nali: kodi umboniwo ulekeze pati?

Poyamba tivomereze kuti a mphunzitsi wamkulu salakwa pofunsa. Mphunzitsi akajomba, ana amakhala tsiku lonse osaphunzira, ndipo mnzake amasenza makalasi aŵiri. Alipo ena amene amanamizira matenda pamene apita kukakumba mtedza kapena kukagula malonda ku Chipata. Boma limalipira mphunzitsi kuti aphunzitse, kotero nkoyenera kuti masiku amene wajomba aŵerengedwe.

Komabe kufunsa kuli ndi malire. Lamulo la ntchito la 2000, mu gawo 46, limapatsa munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 tchuthi cha matenda cha milungu 4 pa malipiro onse, ndi milungu 8 pa theka la malipiro, ngati waonetsa kalata ya dokotala. Gawo limeneli likunena za matenda a wantchito mwini wake. Wodwala akakhala mkazi, mwamuna kapena mwana wa mphunzitsi, chinsinsicho ncha munthu wina amene sanalembedwe ntchito pasukulupo. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, mu gawo 21, amateteza moyo wamseri wa munthu aliyense, ndipo lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za magazi a munthu iye asanalole.

Nchifukwa chake tikuti nkulakwa kulamula mphunzitsi kuti abweretse buku la kuchipatala la wodwala. M'bukumo mumalembedwa zonse: mimba zakale, mankhwala amene munthu akumwa, ndi zimene anapezeka nazo atayezedwa. Likangotsegulidwa mu ofesi, pofika madzulo nkhani imakhala itamveka kale pamjigo. Chimene sukulu ifunika kudziŵa nchochepa: kuti mphunzitsiyo anali kudwazikadi matenda, ndiponso masiku amene anakhalako. Kakalata kodindidwa chidindo, kotchula masiku okha, nkokwanira.

Ife a m'malire tikumbukirenso kuti mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse ziŵiri. Wina adzabwera ndi kalata ya ku Guilleme kapena ku Kapiri, wina ya kuchipatala cha Mwami ku Zambia. Zonsezi zilandiridwe mofanana. Enanso amadwazika matenda pakhomo, kutali ndi dokotala. Pamenepo mawu a mlangizi wa zaumoyo kapena a nyakwaŵa asanyozedwe.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Tizitumiza uthenga msanga, tizisiyira mnzathu ntchito yoti ana achite, ndipo tikabwerera tizibweza maphunziro amene anatayika. Munthu wochita zimenezi sakayikiridwa kaŵirikaŵiri. Wozoloŵera kujomba amagwidwa ndi buku losainamo m'maŵa, popanda kufukula matenda a m'nyumba mwake.

Phunziro lomweli tiloŵe nalo m'kalasi. Mtsikana wa Sitandade 6 akajomba mlungu wathunthu chifukwa amayi ake ali gone, tisamuimike pamaso pa anzake nkumufunsa kuti, "Amayi ako akudwala chiyani?" Mwana wochititsidwa manyazi chotere mwina sabweranso kusukulu. Timuitanire pambali, timupepese, tilembe m'kaundula kuti anajomba chifukwa cha matenda a kunyumba, kenaka timuthandize pa zimene anzake anaphunzira.

Ena a ife tidzakhala aphunzitsi aakulu. Tsiku limenelo tidzakumbukire mawu a makolo akuti chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Tidzafunse za masiku, koma dzina la nthenda tidzalisiyire wodwala ndi dokotala wake.