Ukachenjera manja udya naye

Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Ambiri timaima pa theka loyambalo chifukwa limakoma ngati ulaliki wa Lamlungu. Koma amene anaphera mwambiwu sanali munthu wachifundo chokha, ankawerengeranso za mawa: mwana amene wamudyetsa lero ndi amene adzakusenzere thumba msana ukadzayamba kuwawa. Theka lachiwirili ndi limene maboma athu akuliphonya pa nkhani ya ana opanda mapepala.

Kuno ku Lifidzi, m'chigawo cha Tete, nkhaniyi sitichita kuimva pa wailesi. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadula Angoni ndi Achewa a mtundu umodzi, moti pa Lizulu ukangowoloka msewu wasintha dziko. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika povuta, anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ambiri a kuno anakakhala ku Dedza ndi Ntcheu. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 anabwerera ndi ana obadwira kothawako, osalembedwa m'kaundula wa dziko lililonse. Anawo lero ndi makolo. Kholo lopanda chiphaso cha BI limavutika kutengera mwana wake sedula, pepala la kubadwa, ndiye vuto la agogo lagwera mdzukulu.

Taonani mtsikana wa m'mudzi wa m'malire. Sukulu yapafupi ili tsidya la Malawi, ndiye amadzuka kusanache, chisanu cha Juni chikuluma zala, makope ali m'jumbo, kukaphunzira m'Chingerezi mpaka kukhoza MSCE. Akafuna ngongole ya ku yunivesite ku Malawi amuuza kuti ndi ya nzika, aonetse chiphaso. Akatembenukira kuno, kumene yunivesite ya UniZambeze ili ndi sukulu ya zaulimi pa Ulongwe pomwepa, amufunsa BI, satifiketi yake ayambe kaye aivomereza, mayeso olowera ali m'Chipwitikizi. Mapeto ake timamupeza pamsika akuunjika mbatata ya kachewere m'ndowa, akuwerengera makasitomala chenje cha kwacha ndi metikali pamtima, mofulumira kuposa foni.

Chodabwitsa n'chakuti pepala lolonjeza lilipo kale. Mu 1997, mumzinda wa Blantyre, mayiko a SADC anasaina pangano la maphunziro lonena kuti yunivesite iliyonse isunge malo osachepera 5 pa 100 alionse a ophunzira ochokera m'mayiko anzawo a m'bungweli, komanso kuti pomatha zaka 10 azilipira fizi ngati eni dziko. Koma kuti upindule nalo uyenera kuonetsa dziko limene wachokera. Mwana wa nduna wa ku Gaborone, pasipoti ili m'manja, angalowe nalo. Wathu wa m'malireyu, amene mchombo wake unakwiriridwa kuseri kwa nyumba ya agogo ake m'boma lomwe lino, panganolo silimudziwa.

Ku America anayesapo njira ina. Mu 2001 boma la Texas, pansi pa bwanamkubwa Rick Perry, munthu wosadziwika ndi mtima wofewa, linalola ana opanda mapepala kulipira fizi ya ana a pakhomo ngati akhala m'deralo zaka zitatu n'kumaliza sekondale komweko. California inachitanso chimodzimodzi chaka chomwecho. Funso silinali lakuti unabadwira kuti, koma unakulira kuti. Ndipo a ku Texas sanabise kuti akuwerengera: mwanayu tamuphunzitsa kale ndi misonkho yathu kuyambira pulayimale, tikamusiyira panjira taluza ndife. Lamulo la ku Texas linakhala zaka 24 mpaka khoti linalithetsa mu Juni 2025, boma la Donald Trump litalisumira. Ndale zasintha kumeneko, koma masamu aja sanasinthe.

Ndikumva kale ena akuti malo ndi ochepa, ana athu enieni akusowa pokhala, tiyambe taona athu. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo sindikunena kuti aliyense wotsika basi pachipata cha Calomue dzulo apatsidwe mpando. Koma amayi a mtsikana uja amadula tikiti ya pamsika tsiku lililonse, ndipo wokhometsa safunsa sedula. Chimanga chawo chimadyetsa Tete. Pa maliro a amfumu amakaphika nawo. Zikafika pa sukulu ndiye asanduke alendo?

Umboni woti munthu ndi wa pano sukusowa. Nyakwawa imadziwa khomo lililonse ndi mbumba yake. Sukulu zili ndi maina a ana amene zinawaphunzitsa. Mishoni ya Lifidzi, imene abambo Achijezwiti anaitsegula zaka zoposa 100 zapitazo, ndi matchalitchi ena amalemba maubatizo, dzina la mwana, la amake, la mudzi. A Registo Civil kuno ndi a kaundula ku Malawi atamatuluka m'maofesi pamodzi, n'kumakhala pansi pa mtengo m'midzi ya m'malire ndi mafumu, aphunzitsi ndi akatekisiti, ana ambiri angalembedwe asanafike kalasi ya mayeso. Amene sanalembedwebe, yunivesite iwalandire pa fizi ya pakhomo ndi kalata ya mfumu ndi ya sukulu, mapepala aboma azitsatira m'mbuyo asanamalize chaka choyamba.