Mwana Akatsimphina Si Nyamakazi Nthawi Zonse

M'midzi ya ku Nsaru, Mpingu ndi Nambuma, mwana akayamba kutsimphina makolo ambiri amangoti wagwa pampira kapena ndi nyamakazi, ndipo ena amamutema mphini pabondo. Chonsecho ululu wa pabondo nthawi zina umachokera m'nyung'unyu, pamene fupa la ntchafu limalumikizana ndi chiuno. Matenda a pamenepa alipo angapo. Poyamba amafanana, koma machiritso ake ndi osiyana.

Oopsa koposa ndi mafinya a m'mfundo. Mwana amatentha thupi, amakana kuponda pansi, ndipo amalira munthu akagwedeza mwendowo. Wotereyu sagona naye pakhomo poyesa malungo, pakuti mafinya amawononga mfundo m'masiku owerengeka. Chifuwa chachikulu cha m'mafupa chimadza mwakachetechete: miyezi imapita ntchafu ikufota, mwana akuwonda ndi kudzidzimuka usiku kaamba ka ululu.

Matenda a Perthes, amene madokotala adawafotokoza m'chaka cha 1910, amagwira makamaka anyamata a zaka 4 mpaka 8. Magazi amaleka kufika bwino kumutu kwa fupa, koma thupi silitentha. Kwa mwana wa zaka 10 mpaka 16, makamaka wonenepa, mutu wa fupa ungathe kutsetsereka pamalo pake, phazi nkumaloza kunja. Ameneyu amafunika opaleshoni msanga.

Tsono posiyanitsa matendawa dokotala amafunsa zaka za mwana, tsiku limene ululu udayamba ndiponso ngati pabanjapo pali wodwala chifuwa chachikulu. Kenaka amayeza magazi ndi kujambula mbali zonse ziwiri za chiuno kuti afanizire. Chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, chimene chidatsegulidwa m'chaka cha 1959, ndi cha Kabudula zimatumiza odwala ofunika akatswiri ku Kamuzu Central, kumene chipatala cha mafupa cha LION chidatsegulidwa m'chaka cha 2023.

Aphunzitsi ndiwo amaona kayendedwe ka ana m'mawa uliwonse. Nkoyenera kuti akaona mwana akutsimphina kwa masiku angapo aitane makolo, osati kumukalipira chifukwa chochedwa. Nawo achinyamata otsiriza sukulu angathe kulemba papepala tsiku limene vuto lidayamba ndi kuperekeza makolo kuchipatala. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mfundo ya m'chiuno ikawonongeka paubwana, munthu amatsimphina mpaka ukalamba.